Kuvomereza maminitsi si kuvomereza zomwe komiti inachita

Lamulungu lapitali tinali pa miting'i ya gulu lathu la maliro mu galaja ina ku Rosettenville momwe timakumana mwezi ndi mwezi, mipando yapulasitiki yobwereka ku tchalitchi, anyamata atakhala pa makreti kukhomo, ndipo zomwe zinachitika pamenepo zandisowetsa mtendere sabata yonseyi mpaka ndati ndilembe basi, chifukwa ndikudziwa kuti si ife tokha ayi, magulu a aMalawi kuno ku Joni ndi ambiri, a maliro, a chipereganyu, a mipingo, a anthu ochokera boma limodzi, ndipo ndikamacheza ndi anzanga a ku Mayfair kaya ku Tembisa nkhani yake imakhala yomweyi.

Mwezi wathawu tinataya mnyamata wathu wina wa ku Nkhotakota, amagwira ya zomangamanga mbali ya ku Midrand, anangodwala masiku ochepa nkutisiya Lachiwiri m'bandakucha. Anali membala wokhulupirika, analibe ngongole olo ya mwezi umodzi. Amene munaperekezapo thupi kuchoka kuno mukudziwa kuti si nkhani yoti tidikire kaye, pali mapepala a ku Home Affairs, kalata ya ku Consulate, satifiketi yoti thupi lakonzedwa, bokosi, galimoto ya thiraila, kenako ulendo wonse uja wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka kulowa pa Mwanza, ndipo tsiku lililonse thupi likagona ku mochale ndi ndalama, uku kumudzi anthu ayamba kale kugona pa siwa akuimba foni ola lililonse kuti kodi mwanyamuka, kodi mwafika pati.

Malamulo a gulu lathu amati ndalama yoposa R5,000 isatuluke mu akaunti popanda miting'i ya anthu onse, ndipo kolamu, chiwerengero cha anthu ofunika kuti miting'i igamule zinthu, ndi theka la mamembala kuonjezerapo mmodzi. Tilipo 64, ndiye pamafunika anthu 33. A tcheya anaitanitsa miting'i yadzidzidzi Lachitatu usiku, kunabwera anthu 11. Si kuti enawo alibe chisoni ayi. Ena ndi masikyulite anali pa shifiti ya usiku, azimayi ambiri amagonera kwa abwana ku Randburg kaya ku Sandton amatuluka Loweruka masana kapena Lamulungu lokha, ndipo munthu wa ku Diepsloot simungamuuze kuti akwere matekisi awiri usiku kubwera ku Rosettenville nkubwereranso, inu nomwe mukudziwa mmene kunja kuno kumakhalira kukada. Anthu 11 aja anakhala pansi nkugwirizana kuti ndalama ituluke, yoposa R20,000, thupi linyamuke Lachisanu. Linanyamukadi, mnyamata uja anakaikidwa kwawo pafupi ndi agogo ake.

Ine ndikuti anachita bwino, ndipo ndikanakhalapo usiku umenewo ndikanakweza dzanja limodzi nawo. Pamenepa ndilibe nawo mlandu olo pang'ono.

Koma usiku womwewo, anthu 11 omwewo anagwirizananso chinthu china. Mmodzi wa mu komiti anadandaula kuti zamuthina, alandilodi akufuna kumutsekera panja, ndiye anamubwereka R7,000 kuchokera mu thumba lomwelo la maliro kuti adzabweza kumapeto a mwezi. Malamulo athu pamenepa sazungulira, amati ndalama ya maliro siibwerekedwa kwa munthu wina aliyense, kaya ndi membala kaya ndi tcheya.

Ndiye Lamulungu lija a mlembi anaimirira nkuwerenga maminitsi a miting'i ya Lachitatu ija, mothamanga, mutu uli mu kope, nkhani ya thupi ndi nkhani ya ngongole zonse mu mpweya umodzi. Atamaliza a tcheya anati, "Maminitsi mwawamva, pali chokonza? Palibe. Ndiye zonse zavomerezeka, tiombe m'manja." Tinaomba. Inenso ndinaomba, ndinene zoona, maganizo anali pa tekisi ya ku Bree kuti ndisachedwe, ndipo mpaka pano zikundiwawa. Mayi wina wachikulire wa ku Mangochi amene sayankhula kawirikawiri anakweza dzanja, nsalu yake atafunda mpaka m'mapewa chifukwa mu galaja muja mumazizira, nkunena kuti, "A Tcheya, pepani ndithu, ine sindinamvetse, apa tavomereza chani kwenikweni?" Anthu anayamba kung'ung'udza kuti aaa mayi nthawi yatha, ena akuti munthu tinaika kale mukufunanso chani, a tcheya nkuyankha kuti, "Mayi, zimenezo zadutsa, tili pa nambala 4." Mayi aja anatsitsa dzanja pang'onopang'ono nkumayang'ana pansi.

Funso la mayi aja ndi lomwe linali lanzeru kuposa zonse zomwe zinayankhulidwa tsiku limenelo, ndipo yankho lake loona ndi lakuti tinavomereza zoti a mlembi analemba molondola, basi, palibenso china. Maminitsi ndi mboni chabe. Akalemba kuti mbuzi ya uje inalowa m'munda mwa mneba nkudya chimanga, ife nkuti eya zalembedwa bwino, sitinanene kuti mbuzi ija inachita bwino kapena kuti mwini wake asalipe. Tangoti zinachitikadi choncho. Funso lakuti "pali chokonza?" limafunsa ngati deti yalakwika, ngati dzina lasiyidwa, ngati alemba 7,000 pomwe inali 700. Silifunsa ngati gulu likusenza zomwe anthu 11 anachita. Limenelo ndi funso lina, lili ndi njira yake, ndipo ife timalilumpha mwezi ndi mwezi pomaganiza kuti m'manja mwathana nazo.

Njira yake pa Chingerezi amati ratify, ife tingoti kuvomereza pambuyo. Munthu amaimirira nkupropoza momveka kuti gulu livomereze zomwe komiti inachita tsiku lakutilakuti potulutsa ndalama yakutiyakuti pa chifukwa chakutichakuti, wina nkusekonda, kenako anthu nkukambirana, wofunsa afunse, malisiti ayende m'manja, ndiye voti. Zikadutsa, chinthu chija chimakhala ngati gulu lonse ndi lomwe linachilamula kuyambira pachiyambi. Zikakanika, chimakhala cha iwo amene anachichita.

Malamulo ambiri omwe timayendera m'mamiting'i athuwa, zoti kupropoza, kusekonda, kolamu, timangowatola m'matchalitchi ndi m'masukulu osadziwa kuti ena anakhala pansi nkuwalemba bwinobwino. Buku lodziwika kwambiri pa zimenezi ndi Robert's Rules of Order, analemba ndi Henry Martyn Robert, injiniya wa asilikali a ku America, linatuluka koyamba mu 1876 ndipo akhala akulikonza mpaka kope la nambala 12 lomwe linatuluka mu 2020. Chomwe chimandikhudza pa bambo ameneyu nchakuti chinamuyambitsa si Palamenti ayi, anapemphedwa kutsogolera miting'i ya pa tchalitchi ku New Bedford, Massachusetts, zinthu nkusokonekera m'manja mwake, ndiye anatsimikiza mtima kuti sadzatsogoleranso asanaphunzire kayendetsedwe kake. Ndiye kuti mavuto a mu galaja mwathu muja iye anawaonapo.

Bukuli limavomera kuti moyo suyembekezera kolamu. Limati gulu lingathe kuvomereza pambuyo zomwe zinachitika pa miting'i yomwe kolamu sinakwane, zomwe zinachitika pa miting'i yapadera koma sizinali pa uthenga woitanira anthu, komanso zomwe atsogoleri kapena komiti anachita kupitirira mphamvu zomwe anapatsidwa. Nkhani ya thupi la mnyamata wathu ikulowa pamenepa bwinobwino. Koma limanenanso mosabisa kuti pamene kolamu palibe, zomwe anthu angachite mwalamulo ndi zochepa kwambiri, kutseka miting'i, kupangana tsiku lina lopitiriza, kupuma pang'ono, kapena kuyesetsa kuitana anthu kuti kolamu ikwane. Akapitirira apo nkugwira ndalama, akuchita podziwa kuti gulu likadzakana, udindo ndi wao. Ndipo pali malire ena omwe ndi mtima wa nkhani yonseyi, akuti gulu lingavomereze pambuyo chinthu chokhacho chomwe likanatha kuloleza chisanachitike. Chomwe malamulo a gulu kapena a dziko amaletsa sichiyera ndi voti.

Ndikudziwa kale zomwe ena anene, chifukwa anandiuza pamaso titatuluka panja. Achimwene ena anandigwira paphewa nkuti, "Inu, izi nza azungu izi, ife timakhulupirirana, munthu wamwalira inu mukufuna malisiti?" Ndinawafunsa kuti achimwene, maliro omaliza omwe munakhalapo kumudzi, mwambo usanathe sanaimirire munthu ndi kope nkuwerenga chipepeso? Mpingo wapereka zakuti, a mfumu akutiakuti zakuti, ana a ku Joni atumiza zakuti, zonse pamodzi zakwana zakuti, tagula bokosi, ufa, ndiwo, nsalu, zatsala zakuti ndipo tapereka m'manja mwa akutiakuti. Amawerenga bokosi lili pomwepo, anamfedwa akulira, ndipo palibe amene amati nzachipongwe, aliyense amadziwa kuti akapanda kutero mawa pabanja padzuka nkhondo. Nanga nduna ikaweruza kankhani a mfumu atachokapo, siipita kukatula a mfumu akabwera, iwo nkuti mwachita bwino kapena iyayi apa mubwereze? Kuvomereza pambuyo nkomweko. Azungu anangokulemba mu buku nkuika manambala, koma ife tinabadwa tikukuona, ndipo ndimadabwa kuti tikawoloka Limpopo timayamba kuchita manyazi ndi chinthu chomwe agogo athu amachita pa bwalo masana dzuwa likuswa mtengo.

Ena akuti kufunsa choncho nkunyoza a tcheya, munthu amene anajomba ku ntchito masiku atatu osalipidwa, akuthamanga ndi mafayilo tauni yonse, nkuperekeza thupi mpaka ku Nkhotakota ndi kubwerera pa basi matako atatupa. Zoona anavutika, ine ndinawaona maso ali psuu tsiku lonyamuka lija, ndipo ndimawalemekeza. Koma taganizani bwino, amene akutetezedwa ndi voti imeneyi ndi ndani? Ndi a tcheya omwewo. Lero tonse tikukondana, koma magulu athuwa timawadziwa, pakatha zaka ziwiri kukabwera zisankho kapena anthu akayambana pa nkhani ina yosakhudzana nkomwe, wina adzaimirira nkuti kodi R20,000 ija anakulolezani ndani, kolamu inalipo? Mlandu suola. Tsiku limenelo a tcheya adzatsegula kope nkupeza kuti mulibe mzere olo umodzi wonena kuti gulu linavomereza, muli zoti maminitsi anawerengedwa basi, ndipo m'manja muja tinaomba simudzaoneka pena paliponse. Pomwe tikanavota bwinobwino akanangoloza kuti onani apa, tsiku lakuti, anthu 41 analipo, ovomera akuti, okana akuti, nkhani nkuthera pomwepo. Tcheya wanzeru ndi amene amayamba yekha kupempha voti imeneyi, amabwera ndi envulopu ya malisiti nkuika pa tebulo asanafunsidwe, nkunena kuti abale tinachita izi popanda inu chifukwa cha changu, tsopano tikupempha kuti mutisenzetse kapena mutitule.

Olo boma la dziko lomwe tikukhalali limayenda choncho pa pepala. Lamulo lao la kayendetsedwe ka chuma cha boma, Public Finance Management Act la 1999, limalola nduna ya zachuma kutulutsa ndalama pa zinthu zadzidzidzi zomwe sizingadikire Palamenti, koma anaika mpanda, ndalamayo isapitirire 2 peresenti ya bajeti ya chaka chimenecho, akanene ku Palamenti ndi kwa Auditor-General, mkulu wofufuza mabuku a chuma cha boma, pasanathe masiku 14, ndipo ikalowe mu bilu ya bajeti yomwe iperekedwe kwa aphungu pasanathe masiku 120 kapena pa bajeti yokonzanso ikafulumira ndi imeneyo. Kaya amatsata bwanji ndi nkhani ina, ine chomwe ndikuona ndi kapangidwe kake, avomera kuti ngozi imabwera osagogoda, koma anena kuchuluka kwake, anena tsiku lokatula, ndipo mawu omaliza awasiya kwa eni ndalama. Nyumba yao ya malamulo ya anthu 400 nayo ili ndi kolamu yake yolembedwa mu Constitution ya 1996, kuti avote pa bilu pafunika oposa theka akhalepo, pa nkhani zina gawo limodzi mwa atatu. Ngati anthu olipidwa kuti azikhala pa miting'i amawerengana mitu asanavote, ife osonkha R150 ya thukuta la mu gadeni ndi m'makhitchini a anthu tilekerenji?

Pali chodandaula china chomwe ndimachitenga mozama kuposa zonsezi, ndipo anandiuza ndi mzanga amene wakhala msungichuma wa gulu lina kwa zaka zambiri. Iye akuti vuto la kuvomereza pambuyo ndi lakuti komiti ikazolowera, imayamba kuchita dala, imadziwa kuti madzi akatayika saoleka, ndalama yapita kale, thupi laikidwa kale, ndani angaimirire kukana pamaso pa abale a malemu? Ndiye voti ija imangokhala mwambo, anthu amakweza manja chifukwa palibenso chochita. Akunena zoona ndipo ndaziona. Nthawi ya Covid, lockdown itayamba pa 27 March 2020 misonkhano italetsedwa, makomiti ambiri anayendetsa zinthu okha miyezi yambirimbiri, panalibe kuchitira mwina, koma zitatseguka ena sanabwererenso ku chizolowezi chofunsa anthu, anaona kuti nzophweka kungolemba pa gulu la WhatsApp kuti abale tapanga zakuti, anthu 8 nkuika chala chokweza, basi ati gulu lavomereza. Chala cha pa WhatsApp si voti, pokhapokha ngati malamulo anu analemba kuti mungakumane ndi kuvota pa foni ndipo ananena kachitidwe kake. Theka la anthu data inatha, ena foni ili mu loka ku ntchito, ena anaona uthenga mawa lake zinthu zitachitika kale, ndipo palibe amene anamva maganizo a mnzake asanasankhe, pomwe phindu lonse la miting'i ndi lakuti mayi wa ku Mangochi uja afunse funso lake ine ndilimve mwina nkusintha maganizo. Buku la Robert lija nalo limati olo mutaimbira anthu mmodzimmodzi onse nkuvomera, chinthucho chikufunikabe kudzavomerezedwa pa miting'i yeniyeni.

Koma yankho la vuto la mzangali si kuletsa komiti kugwira ntchito pa ngozi, chifukwa tikatero thupi lidzagona ku mochale masabata atatu kudikira Lamulungu loyamba la mwezi, ndipo gulu la maliro lotero lilibe ntchito. Yankho ndi lakuti voti ija ikhale ndi mano. Anthu adziwe kuti angathe kukana, ndipo kukana kuli ndi zotsatira zake, amene anatulutsa ndalama popanda chilolezo ayenera kuibweza. Adziwenso kuti pali njira yapakati, pempho lovomereza lija lingathe kusinthidwa pokambirana, gulu nkunena kuti ndalama ya galimoto ndi bokosi tavomereza koma iyi mwalemba kuti "zina ndi zina" R1,800 yopanda lisiti ayi, kapenanso kulisandutsa chidzudzulo cholembedwa ngati anthu aona kuti komiti inapyola dala. Komiti ikaona kamodzi kokha kuti anthu amawerengadi malisiti, ulendo wina idzaganiza kawiri isanapite ku ATM.

Tsopano ngongole ija, yomwe ndi imene yandilembetsa zonsezi. Munthu amene anabwereka ndimamudziwa, ndi munthu wabwino, ndadyapo nsima kwake, ndipo kutsekeredwa panja ndi ana mu Joni muno si zinthu zofunira mnzako. Akanabwera kwa ife Lamulungu nkunena vuto lake, ndikhulupirira chipewa chikanayenda pomwepo ndipo inenso ndikanaponyamo. Koma ndalama ya maliro ayi. Ndipo apa ndikufuna timvetsetsane, nkhani ya ngongoleyi si yoti anaiwala kutifunsa ndiye tingowakhululukira ndi voti. Olo akanatifunsa tonse 64 tili pompo, sitikanatha kuloleza, chifukwa malamulo omwe tinasainira tonse amaletsa. Chomwe sitikanatha kuloleza dzulo sitingachivomereze lero. Njira yokhayo ndi kusintha lamulolo, ndipo malamulo athu amati kusintha kumafuna chidziwitso cha mwezi wathunthu ndi mavoti a magawo awiri mwa atatu, ndipo olo titasintha ndiye kuti tatsegula khomo la mtsogolo, za m'mbuyozi ndalama ibwerere basi.

Wina anati, koma ndalamazi nzathu tomwe, tikagwirizana ambiri vuto lili pati? Vuto lili pa amene sanabwere. Pa anthu 64, Lamulungu lija tinalipo 41. Enawo 23 ali kuti? Wina ali pa geti ku Fourways, wina akusita zovala za abwana, wina anapita kumudzi kukaona mayi ake odwala. Anthu amenewa amatumiza R150 yao mwezi ndi mwezi osaona nkomwe kope, chomwe amadalira ndi pepala lija tinagwirizana, kuti tsiku lomwe adzagwe ndalama idzapezeka mu akaunti, osati idzapezeke ili kwa alandilodi a munthu wina. Lamulo loletsa ngongole linaikidwa kuteteza iwowo, ndiye anthu 41 sangagulitse chitetezo cha munthu amene palibe. Tangoganizani sabata ino tikanamva zovuta ziwiri nthawi imodzi, zomwe zimachitika, ngozi ya tekisi imodzi imatha kutenga anthu a nyumba imodzi, ndiye tikanauza chani abale ao, kuti dikirani kumapeto a mwezi?

Chomwe chinandipweteka kwambiri nkuphatikiza kuja. Kaya anachita dala kaya ayi, mtima wa munthu sindingaulowe, koma zotsatira zake nzakuti ngongole inabisala kumbuyo kwa bokosi la malemu. Aliyense amene akanati ayi amaoneka ngati akukana kuti mnyamata wa ku Nkhotakota apite kwawo. Ndi chifukwa chake mayi aja anatsitsa dzanja. Zinthu ziwiri zosiyana zimafunika mafunso awiri osiyana, membala aliyense ali ndi ufulu wopempha kuti zigawidwe, ndipo amene nkhani ikumukhudza m'thumba mwake, ngati wobwereka uja, ulemu wake ndi woti asavote nawo pa nkhani yakeyo. Ndinganenenso kuti a tcheya pa mphindi imeneyo akanapereka mpando kwa achiwiri awo kapena munthu wina amene sanali nawo Lachitatu lija, chifukwa nkovuta munthu kufunsa mafunso momasuka pamene wogwira belu ndi yemweyo amene akufunsidwa.

Magulu ena athu analembetsa ku Department of Social Development ngati NPO, bungwe losapanga phindu, pansi pa lamulo la 1997 kuti atsegule akaunti ku banki mosavuta, ndipo amene munalembetsa mukudziwa kuti konsitityushoni yanu imayenera kunena za kolamu ndi kasungidwe ka maminitsi, komanso mumayenera kutumiza malipoti a chuma chaka ndi chaka. Kope lija si lathu tokha ayi, tsiku lina lidzawerengedwa ndi munthu amene sakudziwa kuti a tcheya ndi munthu wabwino.

Ine chomwe ndikufuna pa gulu lathu si zambiri. Tilembe mu malamulo kuti membala wolipira bwino akamwalira, a tcheya, a mlembi ndi a msungichuma atatuwo ali ndi mphamvu yotulutsa ndalama ya thupi mpaka pa mlingo womwe tigwirizane, osadikira miting'i, kuti asamachitenso kuswa lamulo pofuna kuchita chabwino. Uthenga upite kwa aliyense tsiku lomwelo kuti tatulutsa zakuti. Ndipo pa miting'i yotsatira nkhaniyo ikhale payokha pa ajenda, pamwamba, anthu asanayambe kuyang'ana mawotchi, malisiti ali pa tebulo. Kolamu yathunso mwina tiione, 33 mkati mwa sabata sitidzaikwanitsa mpaka kalekale, ndipo lamulo lomwe anthu sangathe kulisunga limaphunzitsa anthu kuswa malamulo ena onse. Koma tilitsitse poyera, ndi chidziwitso, ndi voti, osati kumangolidumpha mwakachetechete.

Lolemba ndinawaimbira a mlembi, ndinayamba ndi kupepesa kuti ndinaomba nawo m'manja osaganiza, kenako ndinapempha kuti pa ajenda ya mwezi wa mawa aikepo mitu iwiri yosiyana. Woyamba, kuvomereza ndalama yomwe inatumiza thupi ku Nkhotakota, ndipo ndawauza kuti ndidzapropoza ndine ndemwe komanso ndidzapempha kuti tilembe mawu othokoza a tcheya ndi onse 11 aja. Wachiwiri, lipoti la R7,000, yabwezedwa zingati, yatsala zingati, idzatha liti. Anakhala chete kanthawi pa foni nkunena kuti, "Achimwene, mundiyambanitsa ndi anthu." Ndinati lembani kuti wapempha ndine, dzina langa liikeni pamenepo. Mayi a ku Mangochi aja ndinawapeza Lachinayi pa Park Station akutumiza katundu kumudzi, ndawauza kuti adzabwere ndipo adzakhale kutsogolo, anangoti, "Ndidzabwera bambo, koma ulendo uno adzandiyankhe."